Mutu 6: Nyumba Yosankhidwa pa Foni

1. Njerwa zapsa

Chaka chimene nyanja inakwera n'kumeza nyumba za kumunsi kwa Chipoka, Mayi Anna anapulumutsa malata, chitseko ndi mabeseni awo ogulitsira usipa. Zina zonse zinapita. Makoma anagwa limodzilimodzi, mwera ukuwomba, mwini wake akuonerera.

Mayiwa sanali munthu wokhala pansi n'kumalira. Anamanga chisakasa kuseli kwa tchalitchi n'kumagona momwemo ndi mwana wawo Patson. Chilimwe chonse ankati akabwerako kumsika, amavula chitenje chabwino n'kulowa m'dothi. Anaumba njerwa ndi manja awo, kuziyanika, kumanga uvuni, mpaka kuwotcha. Pofika mwezi wa Okutobala njerwa zinali zitapsa, zofiira bwino, zolira ngwee ukazigogoda.

Funso linatsala limodzi. Nyumbayo imangidwe pati?

Malo analipo awiri. Mlongo wawo, a Yohane, anawapatsa malo kumtunda, pafupi ndi munda wa chinangwa, kamtunda ndithu kuchoka pamsewu. Malo ena anali kumunsi, kuseli kwa magolosale, pamene kale panali dimba la makolo awo. Pamenepo m'pafupi ndi msika komanso mjigo, koma m'mbali mwake mumadutsa khwawa louma.

Kuno kwathu njerwa satuta munthu mmodzi. Umaphika thobwa, kuitana amayi a kumpingo ndi achinansi, iwo n'kubwera ndi nkhata zawo kudzasenza tsiku lonse akuimba. Koma amabwera kamodzi. Ukadzawauza kuti pepani munatula polakwika, bweraninso, adzakuseka mpaka tsiku la maliro ako.

Ndiye Mayi Anna anayenera kusankha kamodzi kokha. Mphamvu zoumbira njerwa zina analibe, pakuti msana unali utayamba kale kuwavuta.

2. Katswiri wa m'chisakasa

Tsono tikambe za Patson. Mnyamatayu anali atalemba mayeso a Folomu 4, ndipo podikira zotsatira anadzipatsa yekha udindo wa katswiri. Pa njerwa zonse zija, zimene anaumba iye zinali zongokwana kumangira khola la nkhunda. Ati dothi limaumitsa zala, ndiye foni siimva bwino akaikhudza.

Kusukulu anaphunzirako za kusintha kwa nyengo, ndipo mawu amenewa ankawatafuna ngati chingamu. Nkhuku ikafa, kusintha kwa nyengo. Minibasi ya ku Khombedza ikachedwa, kusintha kwa nyengo. Kunena zoona nyengo yasinthadi, aliyense kuno akuona. Mvula imachedwa, ndipo ikabwera imakhuthula ya mwezi wathunthu tsiku limodzi. Koma kudziwa dzina la matenda si udokotala ayi.

Amake ankamukhulupirira kotheratu. Iwo sukulu anasiyira panjira, ndipo mwana wowerenga Chingerezi ankamuona ngati nyali ya pakhomo. Anamuuza kuti popeza iye ndi wophunzira, afufuze pa foni yakeyo malo otetezeka pa awiriwo, ndipo chimene apeze iwo adzatsatira.

Chimene mayiwa sankadziwa n'chakuti Patson anali atasankha kale asanatsegule n'komwe foniyo. Kumtunda kwa amalume ake kulibe netiweki. Munthu amachita kukwera pachulu, dzanja m'mwamba ngati akuthyola mango, kuti uthenga umodzi ulowe. Pamene kuseli kwa magolosale netiweki ndi yodzaza, potchajira pali pakhomo pomwepo, ndipo anzake amacheza pamenepo tsiku lonse.

Nkhani yonse inali imeneyo basi. Ine zoterezi zimandinyansa, ndipo sindibisa.

3. Kusaka mboni

Pa intaneti pali masamba ndi ma apu ambirimbiri onena za madzi osefukira. Patson anagula bandulo, nakhala pa benchi ya pagolosale, mwendo pamwamba pa unzake, kuyamba kufufuza.

Loyamba kulipeza linali tsamba la akatswiri a zamadzi a m'dziko mwathu muno. Linali m'Chichewa chomwe, lopanda zithunzi zokongola. Linanena kuti malo a m'mbali mwa makwawa otsikira kunyanja m'dera lino ndi oopsa, ndipo linalemba mwezi ndi chaka chimene anthuwo anabwera kudzayeza. Patson anakwinya mphuno. Ati tsamba lanji looneka ngati chikalata cha kuchipatala. Analitseka.

Yachiwiri inali apu yofunsa mafunso. Kodi madzi anafikapo pamalowo? Kodi mwafunsa anthu amene akhala pafupi nthawi yaitali? Apa Patson anaseka mpaka wogulitsa m'golosale anasuzumira. Ati iye wagula bandulo kuti foni imuuze zinthu, osati imutume kwa nkhalamba. Anaifufuta.

Koma yachitatu, eee, abale inu. Inatseguka ndi kanyimbo. Dziko lonse linayamba kuzungulira ngati mpira, kenako n'kumatsika, Malawi, Salima, mpaka madenga a ku Chipoka kuoneka ngati munthu wakwera ndege. Malo oopsa anali ofiira, malo abwino obiriwira. Anthu a kumaiko akutali anali ataipatsa nyenyezi zisanu. Apo ndi apo pankatulukira otsatsa nsapato ndi a juga ya mpira, koma zimenezo Patson sizinamudabwitse.

Anakhudza kuseli kwa magolosale. Panali pobiriwira.

Sanafunse kuti mapuwo anapanga ndani. Sanafunse kuti anthu a nyenyezi zisanuwo anafikako ku Chipoka kapena ayi. Munthu wosaka mboni yomuvomereza safunsa ngati mboniyo inalipo pamalopo.

Anathamangira kuchisakasa. Mayi Anna anapukuta manja pachitenje n'kusuzumira pagalasipo. Ataona denga la golosale ndi mjigo womwe amatungapo madzi, anagwira pakamwa. Anati ngati makina a kumwamba aona okha, munthu wamba angatsutse chiyani. Madzulo a tsikulo ananyika chimera cha thobwa.

4. Mawu a amalume

Patapita masiku angapo, a Yohane anamva nkhaniyi kumsika, ndipo m'mawa mwake anatsetsereka pa njinga kuchokera kumtunda kuja. Bambowa anali mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wosakonda phokoso. Anakhala pa njerwa ziwiri pafupi ndi uvuni, nalandira madzi akumwa, kenako n'kupempha kuti aone nawo mapu otchukawo.

Patson anawaonetsa ali chiimire, foni osaisiya m'manja, ngati akuopa kuti akuluwo aithimbiriritsa. A Yohane anayang'ana kanthawi, kenako anayamba kulankhula.

"Mphwanga, usandione ngati mdani wa foni. Ine ndemwe ndimalandira uthenga wa zanyengo pa kafoni kangaka, ndipo chaka chatha unandipulumutsira mbewu. Koma m'foni muli ngati pamsika wa Khombedza. Alipo ogulitsa mankhwala enieni, aliponso ogulitsa ufa wa chinangwa m'kabotolo n'kumati ndi mankhwala. Onse amakuwa mofanana, ndipo nthawi zambiri wabodza ndiye amavala bwino.

"Mlendo akafika pano n'kutiuza kuti mangani apa, timayamba tamufunsa. Ndinu yani? Mwachokera kuti? Kuno munafikako liti? Nanga uyu wa m'foniyu wamufunsa? Chithunzi chakecho anajambula chaka chanji? Khwawa limene ukuliona louma lija silinkadutsa pamenepo kale. Linakhota chaka cha namondwe chija, ndipo kuyambira pamenepo madzi a kumapiri amatsikira kuseli kwa magolosale. Amako akudziwa chimene tinasiyira dimba lija. Madzi saiwala khwawa, mphwanga."

Mayi Anna anayankha motsitsa mawu kuti zija zinali zaka ziwiri zokha zoipa, ndipo kuyambira pamenepo pamalopo m'pouma. Komabe nkhope yawo inaonetsa kuti mawuwo awalowa. Patson ataona zimenezo anayamba kutchula setilaiti, kompyuta ndi mawu ena akuluakulu, kuwaunjika ngati nkhuni. A Yohane anamudikira mpaka atatopa.

"Sindikuti ukhulupirire ine," anatero. "Nanenso ndine munthu, mwina ndikungofuna kuti mlongo wanga akhale pafupi nane. Koma sikelo yatsopano timaiyesa ndi katundu amene kulemera kwake tikukudziwa kale. Iwenso yesa mapu akowo ndi malo amene yankho lake ukulidziwa. Pita pamene panali nyumba ya amako, imene nyanja inatenga tonse tikuona. Akakuonetsa madzi pamenepo, kapena pofiira, ndiye kuti mapuwo ali ndi maso, ndipo ine ndidzasenza njerwa yoyamba kupita nayo kumunsi. Koma akakuonetsa zina, uwauze amako zoona. Njerwa izi ndi msana wawo, ndipo wina alibe."

Patson anati bandulo yangotha kumene. Linali bodza la masana.

A Yohane sanakakamize. Anauza mlongo wawo kuti nyumba ndi yawo, kusankha n'kwawo, ndipo malo a kumtunda alipobe. Atangokwera njinga, Patson anayamba kuwayeseza kalankhulidwe. Ati anthu a nthawi ya choko amaopa chilichonse chowala. Amake anamudzudzula kuti amalume sanyozedwa, koma anamupemphanso kuti akapeza bandulo ayang'ane ndithu zimene akuluwo ananena, mtima wawo ukhale pansi.

5. Chimene anaona

Masana a tsiku lomwelo Patson anakhala yekha pamthunzi wa tchalitchi. Sikuti ankafuna choonadi ayi. Ankafuna chotsekera amalume ake pakamwa.

Anatsegula apu ija, kanyimbo kanalira, dziko linazungulira. Anakoka mapu ndi chala kutsikira kunyanja, kudutsa njanji, kudutsa pamene asodzi amakokera mabwato. Kenako chala chinaima.

Nyumba yawo inali pomwepo. Inali chiimire, denga lili bwinobwino, mpanda wa bango uli mozungulira. Thandala loyanikapo usipa linali pabwalo. Ngakhale mtengo wa mango umene anaudula iye ali ku pulayimale unali pomwepo ndi mthunzi wake. Nyanja inali kutali, ndipo malo onsewo anali obiriwira.

Malo amenewo lero anthu amapalasapo bwato.

Anatsikira kunsi kwenikweni kwa tsambalo, kumene kuli tizilembo ting'onoting'ono timene anthu aulesi sawerenga. Chaka cha chithunzicho chinali pomwepo, chakale iye asanalowe sekondale. Panalinso mawu a Chingerezi onena kuti mapuwa anapangidwa ndi kompyuta kuti akwanire dziko lonse lapansi, kuti palibe munthu anafika kudzayeza, ndipo asagwiritsidwe ntchito posankha malo omangapo nyumba. Patson Chingerezi amachimva. Anamva mawu onse.

Apa ndiye panali posankhira. Amake anali chapafupi pomwepo, akupera chimera, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Akanangodzuka n'kunena kuti Amayi ndinalakwitsa, akanachita manyazi a tsiku limodzi, nkhani n'kutha. Koma anali atadzitama kale kwa anzake pagolosale. Anali atanyoza amalume ake. Ndipo kumtunda kuja netiweki inali kulibebe.

Anatseka foni n'kuiponya m'thumba.

Atabwerera kuchisakasa, amake anasiya kupera n'kumuyang'ana. "Wayang'ana zimene ananena amalume ako zija?"

"Ndayang'ana, Amayi. Zonse zili bwinobwino."

Mayi Anna anapuma mpweya waukulu, nathokoza Mulungu, n'kupitiriza ntchito yawo.

6. Tsiku la thobwa

Tsiku lotuta njerwa anthu anabwera ambiri. Amayi a kumpingo anafika ndi nkhata zawo, anzawo a kumsika wa usipa anasiya mabeseni, ndipo ngakhale Mayi Habiba, amene amagulitsa nawo pabenchi imodzi, anabwera ndi ana awo aakazi. Thobwa linali m'zidebe pamthunzi.

A Yohane anafika anthu asanayambe. Anafunsa mlongo wawo ngati mnyamata anayesa mapu aja, ndipo Mayi Anna anayankha monyadira kuti anayesa, zonse zili bwino. Akuluwo anatembenukira kwa Patson. Patson maso anali pa foni, ngati kuti kwabwera uthenga wa boma.

Munthu wamkulu sabweza mawu ake. A Yohane anavula jekete, anaika nkhata pamutu wa imviwo, n'kusenza njerwa yoyamba kulowera kumunsi. Amayi anaimba nthungululu, mzere n'kuyambika. Ine mpaka lero ndikakumbukira zimenezo mtima umandiwawa.

Nanga katswiri wathu? Iye anali patsogolo, kuloza potula, kujambula zithunzi, kuuza amayi a msinkhu wa amake kuti afulumire. Njerwa imene anagwira tsiku limenelo ndi imene anakhalira pomwa thobwa.

Mmisiri anamanga nyumbayo ndi matope, chifukwa simenti inali yosafikirika. Anakhoma malata akale aja, naika chitseko chakale chija. Khirisimasi isanafike Mayi Anna anali atalowa. Anazira pansi, anapachika nsalu pazenera, ndipo kumsika ankauza aliyense wogula usipa kuti malowo anasankha mwana wawo ndi makina a kumwamba. Patson ankagona mpaka dzuwa kutentha, foni ili pachifuwa, netiweki ili yodzaza.

7. Khwawa lidzuka

Mu Januwale mvula inagwa kumapiri kwa masiku angapo osakata. Ku Chipoka kunkangowaza. M'mawa wina, anthu akusesa pabwalo, kunamveka mkokomo ngati lole ikutsika ndi miyala. Wina anakuwa kuti madzi, ndipo aliyense wa kuseli kwa magolosale anathawira pamsewu, pamene pali pokwera.

Khwawa louma lija linabwera lodzaza, madzi ofiira, atanyamula mapesi, mitengo ndi mbuzi ya munthu wina. Silinafunse njira. Linalowa pabwalo la Mayi Anna, linakankha chitseko, ndipo posakhalitsa madzi anali pazenera. Matope a pakati pa njerwa anasungunuka. Khoma la kumbuyo linayamba kugwa, la m'mbali linatsatira, kenako denga linangokhala pansi.

Mayi Anna anapulumutsa beseni limodzi, momwe anaponyamo bulangete ndi Baibulo. Anaima pamsewu chitenje chili chonyowa, akuonerera nyumba yawo yachiwiri ikupita. Njerwa zimene anaumba chilimwe chonse zinali kubalalika pansi pa matope.

Anthu amene anasenza njerwazo anali pomwepo. Manong'onong'o anayamba. Wina anati makina a kumwamba aja ali kuti tsopano. Wina anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mayi Habiba anangopukusa mutu, akusisita pakhosi pamene panawapweteka tsiku lotuta njerwa lija. A Yohane nawo anali atafika, njinga ili matope okhaokha, ndipo anaima pambali pa mlongo wawo.

Mayi Anna anawamva anthuwo, ndipo anatembenuka. Anawauza kuti amusiye mwana wawo. Anati mwanayo sanachite zinthu mwachibwana, anayang'ana kawiri konse, ndipo ngakhale zimene amalume ake anamutuma anachita, zonse n'kupezeka zili bwino. Anati ngati makina ananamizidwa ndi madzi, mwana wa munthu akanadziwa bwanji. Anthu anachita manyazi.

Patson anali kumbuyo kwa amake. Pothawa sanatenge mphika, sanatenge thumba la ufa limene linali pafupi ndi khomo. Anatenga foni, ataikulunga bwinobwino m'jumbo.

Amake anamuyang'ana, maso ofiira koma mawu odekha. "Patson, foni sinanyowe?"

Anayankha kuti sinanyowe.

"Ndiye tayang'ananso, mwana wanga. Uyang'anitsitse ngati mmene unachitira paja, utiuze kumene ndikayambirenso. Ine sinditha kuwerenga zimenezo. Maso anga ndi iweyo."

Anthu onse anatembenukira kwa iye, ndi a Yohane omwe. Patson anayamba kumasula jumbo ija pang'onopang'ono.